Tepi Yopserera ya Anachanza

Mu Ufumu wa Tikambemawa munali zinthu ziwiri zoti ukazinyoza m'mawa, masana wapakira katundu: Mfumu Msandiyandikire Wachitatu, ndi timu ya mpira wa basiketi yotchedwa Nyamalikiti. Zonse ziwiri anthu ankazidziwa kuti n'zazitali. Za Nyamalikiti ankadzionera okha, koma za Mfumu ankangokhulupirira, pakuti panalibe amene anaionapo itaimirira. Inkatuluka ili khale pampando wa makwerero asanu ndi awiri, chisoti cha nthenga chili njo, ndipo lamulo linkati woikhudza adulidwe chala chimene wakhudziracho. Chiboliboli chake pamsika wa Zilimkati chinkaposa mtengo wa mango. Nanga inu mukanaganiza bwanji?

Mpira wa basiketiwu, kwa inu amene simunauonepo, ndi uja amaponyera m'dengu lobooka kunsi lopachikidwa m'mwamba. A ku Tikambemawa sanavutike kuumvetsa. Dengu loti ukaponyamo chinthu chimatulukira kunsi ankalidziwa kalekale, poti anali anthu okhoma msonkho.

Pansi pa chiboliboli chija, pakhonde la golosale, pankakhala Anachanza ndi makina awo osokera. Telala ameneyu anali wa dzanja labwino koma pakamwa pakuthwa kuposa sizasi yake. M'khosi mwawo munkalendewera tepi yoyesera yakalekale, yopserera kumutu. Chaka chimene anabereka mwana wawo, simbi ya makala inadya mainchesi atatu oyambirira, moti chilichonse chimene tepiyo yayesa inkachiwonjezera mainchesi atatu. Anachanza ankangochotsera atatuwo m'mutu, osauza munthu, chala chachikulu chili pamutu wopsererawo, ndipo suti zawo zinkakhala ngati mwini wake anabadwa nazo. Ukawauza kuti agule tepi ina, ankakufunsa ngati iwe unasiya mkazi wako chifukwa chochoka dzino.

Chinsinsi china chinali chachikulu kuposa cha tepi. Zovala za Mfumu ankasoka ndi iwowo. Poti Mfumu siyesedwa, a kunyumba yachifumu anangowatumizira suti yakale m'chikwama chokhoma kuti aziyerekezera. Tsiku lina, mwa chidwi chabe, anaiveka mwana wawo Yotamu. Inamukwana ndendende, kuyambira m'mapewa mpaka mu akakolo. Anachanza anakhala pansi, anamwa madzi, n'kutseka pakamwa zaka zisanu ndi chimodzi. Chiyambire tsikulo buluku lililonse la Mfumu linkayamba lalowa miyendo ya Yotamu kuseri kwa chinsalu chotchinga.

Yotamuyu anali mwana yekhayo, ndipo mwa osewera onse a Nyamalikiti wamfupi anali iyeyo. Masapota ankamutcha Kambuzi, osati kamwana ka mbuzi ayi, koma tsabola uja wamng'ono woliza amuna a ndevu. Akayamba kunjanjitsa mpira ankadutsa m'khwapa mwa zimphona. Akadumpha, amayi kumipando ankagwira mitima. Pa zigoli zinayi zilizonse, zitatu zinkachoka m'manja mwake, ndipo malipiro ake pamwezi anali mtanda wa sopo ndi zikomo ya Nduna.

“Mayi,” anatero tsiku lina ali kuseri kwa chinsalu, atavala buluku la Mfumu lodzaza mapini, “a timu ya ku Lipiratu alembanso. Akuti nyumba ilipo, ndipo kumeneko malipiro amabwera mwezi usanathe. Zinthu zikapanda kusintha mwezi uno, ine ndikwera basi.”

“Ukwere basi undisiyire ndani? Ima bwino, pini ikubaya.”

“Zikomo sagulira nsapato, mayi.”

Anachanza anaopa, tisanamizanepo. Lipiratu unali ufumu woyandikana nawo, ulendo wa masiku awiri pa basi. Bambo ake a Yotamu anapita komweko mwanayo akukwawa, akuti miyezi itatu yokha, ndipo miyezi itatuyo sinathebe mpaka lero. Anachanza analumbira mumtima kuti Lipiratu sadyanso munthu wachiwiri wa m'nyumba mwawo.

Koma pamsika pamakhala chinsinsi? Pofika masana nkhani ya kalata inali m'kamwa mwa aliyense, ndipo khonde la Anachanza linasanduka nyumba ya malamulo.

“Kambuzi ayenera kulandira ngati dokotala,” anatero a Kaliwo a tchipisi, akugwedeza chipande chodontha mafuta. “Ine BP yanga imatsika akagoletsa. Dokotala uti ananditsitsapo BP pa masekondi awiri?”

“Achimwene, inu mpira simuudziwa,” anayankha a Thindwa ometa, kasitomala atamusiya pampando theka la mutu lili mbee. “Basiketi ndi utali. Mlongoti ndiye woyenera ndalama. Munthu uja akangoima, adani amayamba kupemphera.”

Mlongoti anali wosewera wamtali kuposa onse mu Nyamalikiti.

“Mlongoti wake uti? Uja amatsinzina mpira ukamamubwerera?”

“Amatsinzina poganiza!”

“Koma abale inu,” analowerera Anagama a tomato, “munthu alandire kuposa mzamba chifukwa choponya chinthu m'dengu lobooka? Ine dengu langa likabooka ndimalira, inu mumaimba m'manja.”

“Mayi, mzamba amadzaza bwalo? Ndani anagulapo tikiti kukaonera mzamba?” anafunsa a Kaliwo.

“Inuyo amayi anu anagula, ndiye taonani chimene anatuluka nacho.”

Msika wonse unagwa ndi phwete. Wina anati osewera azilandira mbuzi pachigoli chilichonse, wina n'kufunsa kuti nanga Kambuzi khola alimanga kuti. Wina anati azilipidwa poyesa thukuta m'botolo. Kasitomala wa a Thindwa anadzuka ndi theka la mutu lija n'kunena kuti iye anali mphunzitsi zaka makumi atatu ndipo ngakhale sopoyo sanamuonepo. Anthu anamuuza kuti akhale pansi, ikukambidwayi ndi nkhani yofunika. Mkanganowo unatha sabata yathunthu, tchipisi n'kumapserera, tomato n'kumaola, mpaka phokoso linakwera makwerero asanu ndi awiri aja.

Lolemba m'mawa galimoto ya chimkuzamawu inazungulira msika. Mfumu yamva kulira kwa anthu ake. Mfumu yalamula kuti kuyambira lero, aliyense wa mpira alandire molingana ndi ukulu wake.

Anthu anavina mpaka fumbi kobo. Fumbilo litatsika, Anagama anafunsa kuti, “Ukulu wake uti?”

Eya, pamenepo ndiye panagona nkhani. Mawu akuti ukulu ndi thumba lalikulu, aliyense amapisamo dzanja n'kutulutsa chake. A Thindwa anati ndi utali. A Kaliwo anati ndi ukulu wa ntchito. Mlonda wa pabwalo la mpira, amene anali ndi zaka makumi asanu ndi atatu, anati ndi zaka, ndipo anapita kukasankhiratu njinga yamoto.

Nduna ya Mpira ndi Zodumpha, a Ndadyakale, inaitanitsa msonkhano wa masiku asanu ndi anayi ku hotela ya Tidyenawo kuti akaunike mawu amodziwo. Tsiku loyamba anagwirizana zoti mawuwo alipodi. Tsiku lachitatu Nduna ya Chuma inati ukulu uyesedwe m'chiuno, koma anzake atayang'ana mimba yake anakana onse pamodzi. Tsiku lachisanu ndi chiwiri a Ndadyakale anadzuka, nakonza tayi.

“Olemekezeka, tisavutike. Mwana wa sukulu mukamufunsa kuti akuluakulu a mpira ndani, atchula ndani? Atchula anyamata a makabudula aja? Akuluakulu a mpira ndife. Ukulu wathu sufuna kuyesa, umaoneka ndi maso.”

M'manja munawombedwa mpaka operekera zakudya anathamanga poganiza kuti akuitanidwa. Anagamula kuti magawo asanu ndi anayi a thumba la mpira apite kwa akuluakulu, gawo lakhumi osewera agawane potengera utali. Ndipo pofuna kupewa chinyengo, m'ufumu monse mukhale tepi imodzi yokha ya boma, ya telala wa kunyumba yachifumu. Matepi ena onse apolisi anawatolera, ngakhale malula a ana a sukulu.

Uthenga utafika pakhonde, Anachanza anaimitsa makina. Utali! Ndiye kuti iwo eni, ndi tepi yawo, ndi manja awo, akalengeze pamaso pa ufumu wonse kuti mwana wawo ndiye wotsika mtengo kuposa onse, kenako akamuperekeze kudepoti. Masapota anayesa kuthandiza. A Thindwa anapesa tsitsi la Kambuzi n'kuliimika ngati chulu. A Kaliwo anapinda manyuzipepala okulungira tchipisi n'kumuikira m'nsapato, moti mnyamatayo ankayenda agalu akumutsatira. Zonsezo zinapita pachabe, chifukwa unduna unalengeza kuti aliyense ayesedwa wopanda nsapato, thabwa lili pamutu.

Tsiku loyesa bwalo linadzaza mpaka m'mitengo. Mfumu inabwera ndi mpando wake, nduna zili ndandanda kunsi kwake. Anachanza anakwera pa kireti ya zakumwa, kireti ina pamwamba pake, kuti afike pamutu pa Mlongoti.

“Mainchesi 82!” anakuwa, atachotsera atatu awo m'mutu.

A Thindwa anaponya chipewa m'mwamba. Anayesedwa wachiwiri, wachitatu, onse zimphona. Pomaliza anabwera Kambuzi, phazi lili pansi, akumwetulira ngati palibe kanthu. Anachanza anatsika pamakireti paja, poti apa sanafunikenso. Akanatha kunama, koma mainchesi angati oti n'kufika pa Mlongoti?

“62,” anatero motsitsa.

“Kwezani mawu, mayi!” anatero a Ndadyakale.

“62!”

Zikanathera pomwepo, nkhani ino bwenzi palibe. Koma a Ndadyakale anali munthu woti akaona maikolofoni m'kamwa mumayabwa.

“Wawa Mfumu, olemekezeka, anthu a Tikambemawa! Sayansi yalankhula. Kwa zaka zambiri takhala tikuwononga sopo wa boma pa munthu wa mainchesi 62. Kodi 62 ndi msinkhu? Umenewu ndi msinkhu wa ndowa! Munthu wa msinkhu umenewu sangatsogolere ngakhale nkhuku. Ine atakhala kunyumba kwanga, ndingamuimike pakona n'kumuika wailesi pamutu!”

Nduna zinaseka, mimba zikugwedera. Kambuzi kumwetulira kuja kunazima, n'kuyang'ana zala za kumapazi. Anachanza ataona nkhope ya mwana wawo, zaka zisanu ndi chimodzi za kutseka pakamwa zinaphulika ngati thumba la ufa lakugwa pa njinga.

“Bwana Nduna, pepani! Msinkhu mukuunyozawo ndi umene ndimadulira mabuluku a Mfumu! Buluku avala leroli dzana linali m'miyendo ya mwana wangayu, ndipo silinatsale ngakhale kachala!”

Anachanza anagwira pakamwa, koma mawu ndi ngati nkhuku yotuluka m'khola, kuibweza kumafuna mudzi wonse. Anayamba kuwerenga zala zawo mumtima, kutsanzikana nazo chimodzichimodzi.

Pamwamba pa makwerero asanu ndi awiri nthenga zinagwedera. Mfumu inatsokomola.

“A Ndadyakale.”

“Wawa!”

“Mumati munthu wa msinkhu umenewu mungamuike chiyani pamutu?”

“Chisoti, wawa! Ndimati chisoti chaufumu! Maikolofoniyi ndi yakale, wawa, imasintha mawu!”

“Nanga ndowa?”

“Ndowa, wawa, ndi chinthu cholemekezeka kwambiri. Popanda ndowa mtundu sungasambe.”

A Ndadyakale ananena zimenezi akupinda mawondo pang'onopang'ono, mpaka mutu wawo unatsika kufika pa mainchesi 61. Nduna zinzawo zitaona, nazonso zinanjuta. Apolisi ananjuta. Oimba bandi ananjuta, malipenga n'kuloza pansi. Pasanathe mphindi bwalo lonse linali litafupika, kupatula Mlongoti, amene anali asanamve chimene chikuchitika chifukwa nkhani zinkachedwa kufika kumwamba kwake.

Madzulo ake galimoto ya chimkuzamawu inazunguliranso. Mainchesi 62 ndiwo Msinkhu Wachifumu. Ukulu wonse umathera pamenepo, ndipo chilichonse chopitirira si ukulu koma mwano. Kambuzi alandire malipiro oposa osewera onse. Mlongoti apepese pa wailesi chifukwa cha mainchesi 20 a mwano.

Amayi inu, Tikambemawa inapenga! Akalipentala anacheka miyendo ya chiboliboli, n'kuchisiya chikusuzumira m'chiwaya cha a Kaliwo. Amayi a mvano anatsitsa maduku. A kabaza anatsitsa zishalo. A Thindwa, aja ankati basiketi ndi utali, anapachika chikwangwani chakuti TIMAMETA MWANO, ndipo mzere unkafika kudepoti. Amuna aatali ankayenda chowerama ngati afunafuna ndalama yotayika, akazi awo n'kumati kalekale sanawaonepo aulemu chonchi. Anyamata aafupi amene ankakanidwa ndi atsikana anayamba kuyenda ndi ndodo, n'kumakana okha.

“Ine ndinkanena kalekale,” a Thindwa anauza a Kaliwo. “Basiketi ndi ufupi.”

“Munkanena liti?”

“Mumtima.”

Anachanza zala zawo zonse khumi zinapulumuka, ndipo anavina chisamba pakhonde, tepi ikuuluka m'khosi. Mwana sakupitanso! Kalata ya ku Lipiratu anayatsira simbi. Anagula nkhuku, anagawira Anagama chitenje, ndipo aliyense wodutsa ankamuuza kuti pakamwa pamene amuna awo ankapadandaula paja lero pamanga nyumba.

Koma walira mvula walira matope. Munthu wolandira ndalama zochuluka chonchija boma silingamusiye kuti azithamanga pabwalo ngati mwana wa eni. A Ndadyakale analengeza kuti Kambuzi tsopano ndi Mlingo wa Ufumu. Ntchito yake inali kuima pa kapeti pakhonde la nyumba yachifumu kuyambira m'mawa mpaka folo koloko, kuti aliyense wofuna ntchito m'boma aziyamba waima pambali pake. Ndipo popeza munthu akadumpha mutu wake umapitirira Msinkhu Wachifumu, kudumpha kunaletsedwa m'ufumu monse, makamaka kwa Mlingo. Unduna wa Mpira ndi Zodumpha unasintha dzina n'kukhala wa Mpira ndi Zoyenda Bwinobwino.

Nyamalikiti zinasewera chonjuta Loweruka lotsatira, n'kugonja ndi zigoli 96 kwa 4. Zinayizo anadzigoletsa okha alendo chifukwa cha chisoni.

Pamsika mkangano unayambiranso. A Kaliwo ankati munthu wongoima sangalandire ndalama zonsezo. Anagama ankati bwanji osalandira, nanga nduna zimalandirira chiyani, izo zomwe ngakhale kuimako siziima? Anachanza ankangopitiriza kusoka. Mwana ali pafupi, akudya bwino, basi.

Lamlungu lina atatuluka m'tchalitchi anapita kukamuona, atanyamula nachesi m'kathumba. Anamupeza ali chilili pa kapeti paja, suti yakuda, nsapato zonyezimira, masaya atayamba kutuluka. Msilikali anali pambali kuyang'anira kuti zidendene zisachoke pansi.

“Uli bwanji, Yota?”

“Ndili bwino, mayi. Nsapato ndi izi.”

Anamusendera nachesi. Akudya, Anachanza anaona dzanja lake lamanja likukwera ndi kutsika palokha, kunjanjitsa mpira woti palibe. Atatha kudya anakunga makoko m'manja, ndipo osayang'ana n'komwe anaponya. Makoko anauluka kudutsa bwalo lonse la nyumba yachifumu, pamwamba pa maluwa, pamwamba pa galimoto ya Nduna, n'kukagwera m'bini ya zinyalala kugeti, phwa! Msilikali uja anayamba kukuwa kuti “Kambuuu…” kenako anakumbukira ntchito yake n'kusandutsa chifuwa.

“Mayi,” anatero Yotamu monong'ona, “ndikagona ndimalota ndikudumpha. Ndimadzidzimuka ndi mantha kuti mwina wina wandiona.”

Ananena akuseka, koma maso sankaseka. Anachanza anamva chisoni chimene sanachimvepo chichokereni amuna awo, ndipo anachita manyazi. Iwo ankati apulumutsa mwana, chikhalirecho anamupachika pakhoma ngati kalendala. Njira yonse yobwerera kunyumba sanapatse munthu moni, mpaka Anagama anafunsa ngati kwagwa zovuta.

Lamulo linkati Mlingo wa Ufumu aziyesedwa pa tsiku loyamba la mwezi uliwonse, pamaso pa Mfumu ndi nduna, kuopa kuti angaphwe kapena kufufuma. Tsikulo litafika Anachanza anavala chitenje chawo cha ukwati. Bandi inaimba. Yotamu anavula nsapato, anaima, thabwa pamutu. Mayi ake anagwada, anaika mutu wa tepi pansi pa chidendene, anaikweza pang'onopang'ono kudutsa msana umene anaubereka, mpaka pathabwa. Tepi inaonetsa chimene inkaonetsa masiku onse, 65. Pa zaka makumi awiri ndi zinayi panalibe tsiku limene anaiwala kuchotsera atatu aja.

“Mayi, tikudikira,” anatero a Ndadyakale, ali chinjutire.

“65, bwana.”

“Mwati?”

“Bwerani muwerenge nokha. Ine sukulu ndinalekera panjira.”

A Ndadyakale anabwera chokwawa, anavala magalasi, anawerenga. Nduna ya Chuma inawerenga. Mkulu wa apolisi anawerenga kawiri. Onse ankayang'ana kumwamba kumene kunali nambala. Kunsi kumene kunali mutu wopserera panalibe anayang'anako, poti akuluakulu kuyang'ana pansi sanazolowere.

“Wakula!” anakuwa a Ndadyakale. “Wawa Mfumu, wakula! Tamudyetsa ndi ndalama za boma, iye n'kumakula mobisa! Mainchesi atatu a mwano pa mwezi umodzi! Tikamusiya, pofika Khirisimasi akhala atalanda ufumu!”

Wina anati ayesedwe ndi tepi ina, koma tepi ina inalibe kochokera, zonse zinali kupolisi ndipo makoswe anali atachita nazo phwando. Wina anati ayerekezedwe ndi Mfumu yeniyeniyo, koma atayang'ana zala zake anabweza mawu. Yotamu anatembenuza maso kuyang'ana mayi ake. Tepi imeneyo anakula akuseweretsa, ankaidziwa ngati dzina lake. Anatsegula pakamwa. Anachanza anamutsina pamsana ndi chala chija chinkabisa popserera, ndipo anatseka.

Chigamulo sichinachedwe, chinthu chachilendo ku Tikambemawa. Wokula mopitirira Mfumu avulidwe suti, alandidwe nsapato, ndipo dzuwa lisanalowe akhale atatuluka m'ufumu. Basi yotuluka m'ufumu tsiku limenelo inali imodzi yokha, ya thu koloko, yopita ku Lipiratu.

Kudepoti kunadzaza ngati kukubwera gule. Masapota ankaimba nyimbo za Nyamalikiti chonjuta, kuopa apolisi. A Kaliwo anabweretsa tchipisi cha ulendo wonse, a Thindwa anamumeta ulere ali pamzere wa tikiti. Mlongoti anamupatsa nsapato zake, zimene Kambuzi akanatha kugonamo. Anachanza anamupatsira kathumba, m'kati muli buluku latsopano limene anasoka mwa changu masana omwewo.

Yotamu analitambasula. “Mayi, mpendero wonsewu? Mwapinda nsalu yokwana kabudula.”

“Kumene ukupitako anthu amakula. Ukadzatalika udzangomasula.”

“Mayi, ine ndidzabwera. Miyezi…”

“Usatchule miyezi! Kwera.”

Anakwera. Koma atafika pakhomo la basi anatembenuka, anayang'ana apolisi, anayang'ana mayi ake, kenako anabwerera pansi n'kudumpha. Abale, anadumpha! Dzanja linakamenya katundu wa pamwamba pa basi, nkhuku zinali kumeneko n'kulira. Depoti yonse inaiwala lamulo, inaongoka, inakuwa, ndipo wapolisi wina anaonedwa ali m'malere chipewa chili m'manja. Basi inanyamuka fumbi lili kobo, Anachanza akuseka, misozi ikutsikira m'kamwa.

Pobwerera kumsika mkangano unali utayamba kale. A Kaliwo ankati a ku Lipiratu akamupatsa galimoto. A Thindwa ankati galimoto n'zochepa, munthu uja ndi wa ndege.

“Tifunse mwini wake,” anatero Anagama. “Anachanza, inu munabereka. Mwana uja mtengo wake weniweni ndi zingati?”

“Mainchesi atatu,” anayankha Anachanza. “Ndamugulitsa ndekha, ndipo ngakhale sopo sindinalandire.”

Anthu anaseka poganiza kuti ndi nthabwala zawo za masiku onse.

Patapita masabata atatu, a kunyumba yachifumu anatumiza nsalu ya buluku la Mfumu la pa chikondwerero. Linali Loweruka masana. Kwa a Thindwa amuna anali ataunjikana pa wailesi, atatsitsa mawu, kusaka siteshoni ya ku Lipiratu. Anachanza anajambula ndi choko, anadula, analumikiza, n'kuluma mapini m'kamwa. Kenako ananyamula bulukulo n'kutembenukira kuchinsalu chotchinga.

“Yota, tabwera uyese.”

Chinsalu chinangogwedera ndi mphepo. Nthawi yomweyo kwa a Thindwa kunaphulika chimkuwe, mabenchi kugwa, a Kaliwo kumenya chiwaya ndi chipande, msika wonse kukuwa dzina la tsabola uja. Anachanza analavulira mapini m'dzanja, anapukuta m'maso ndi buluku la Mfumu, n'kukuwa kuti, “A Thindwa, kwezani wailesiyo! Mwanayo ndi wanu?”